Pepala Lokhuthala

Lamulo langa loyamba pa ntchito ya makhadi ndi ili: guluu ndi womaliza. Dula, pinda, kongoletsa, manga riboni, koma kapepala ka mawu kokhala mkati usamate mwini khadi asanawerenge ndi maso ake n'kuvomereza. Ndapanga makhadi pamanja zaka pafupifupi makumi atatu, aukwati, achipepeso, othokoza, a tsiku lobadwa, ndipo anthu ndawadziwa. Munthu amabwera Lolemba kuti dzina la chibwenzi chake lilembedwe ndi inki yagolide, pofika Lachisanu akufunsa ngati lingachotsedwe. Guluu zimenezo sazidziwa, akagwira wagwira.

Lamuloli ndinaliphwanya kamodzi kokha, pa makhadi a ukwati wa mwana wanga Timba.

Ndikuti mwana wanga, ndipo wofuna kutsutsa abwere atiuze matewera amene iye anachapa. Timba anabadwa kwa mkulu wanga, koma mkulu wangayo anamwalira mwana asanayambe kuyenda. Alamu anga, bambo a mwanayo, analira pa maliro mpaka kuchita kugwiridwa ndi amuna awiri. Patatha masabata atatu anandipeza ndi mwana ndi kachikwama ka zovala, ati ndiwasungireko mwezi umodzi apeze kaye pogwira. Mwezi umodziwo wakwana zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi tsopano. Pogwira anapapeza, ntchito yabwino, nyumba ya mpanda, mkazi watsopano amene tonse timangomuti Madamu, koma njira ya kwathu kuno ndiyo inawasokonekera.

Dzina loti Timba ndinamupatsa ndine, chifukwa kanali kamwana kochepetsetsa koma kapakamwa ngati mbalame ija. Kanakulira pansi pa tebulo langa la ntchito, kakutola tizidutswa ta mapepala n'kumadyetsa chidole chake. Sanandiitanepo mayi aang'ono ngakhale tsiku limodzi. Kwa iye ndinali amayi basi.

Ndiye atabwera kudzandiuza za ukwati, ndinavina ndi sizasi m'manja. Mnyamatayo ndinali nditamuona kale kangapo, wofatsa, waulemu, wa ku banja lija la anthu amene amayang'ana kaye pansi asanatsike m'galimoto.

"Makhadi mupanga ndinu, amayi," anatero Timba. "Za makina zija ayi. Ndikufuna zana limodzi, apamanja."

"Ukanapita nawo kwa wina ndikanakuthyola mwendo."

Anaseka. Anandilembera tsiku, malo, nthawi ndi mayina a makolo a mnyamata. Mawu enawo, anati, abweretsa Loweruka, pali zina zoti akambirane kaye. Ine sindinafunse kuti zina zanji. Mutu wanga unali kale ku sitolo ya mapepala.

Sitolo imeneyi ndi kakhonde chabe, pakati pa wosoka nsapato ndi wogulitsa mankhwala. Anthu awiri sangadutsane mkatimo popanda wina kupepesa. Mashelefu amafika kudenga, ndipo mumanunkhira katoni, fumbi ndi guluu. Mwini wake ndi bambo wachikulire amene tonse timawatchula a Magalasi, chifukwa amavala ena pamphuno, ena pachipumi, ndipo tsiku lonse amakhalira kufunafuna achitatu. Ndagula kwa iwo kuyambira tsitsi lawo lili lakuda.

"Lero mwalowa ngati mwini nyumba," anatero. "Ndani akukwatiwa?"

"Mwana wanga."

"Kamwana kaja kanandidyera choko?"

"Komweko."

Anakoka makwerero, nakwera pang'onopang'ono mpaka shelefu yomaliza, n'kutsika ndi mpukutu wokutidwa m'pepala la khaki. Mkati munali pepala la mtundu wa mkaka, lokhakhala pang'ono ukalisisita ndi chala, lolemera bwino m'dzanja. Ndinapinda kangodya kuti ndione ngati lisweka pa mpindo. Silinasweke. Ndinadontheza inki pakona, inki inakhala pamalo pake osayenderera.

"Limeneli analeka kubweretsa," anatero a Magalasi. "Latsala lomweli. Ndimasungira munthu wodziwa pepala, osati awa ongofuna chokutira mabuku. Mulidule mosamala, mukalakwitsa musabwere kudzandilirira."

"Ndinayamba ndalakwitsapo ine?"

Ndinasankhanso riboni yobiriwira yopyapyala, timikanda toyera, maenvelopu, inki yakuda, malezala atsopano, ndi guluu wamphamvu uja amene sakwinyitsa pepala. Ndinatuluka nditakumbatira mpukutuwo ngati khanda, ndipo mu basi ndinakana kuuika pansi ngakhale kondakitala analankhula mpaka kutopa.

Masiku atatu ndinadula ndi kupinda. Pepala lililonse lili ndi mbali imene limalola kupindidwa, ukalikakamiza mbali inayo limachita ming'alu. Ndinkayeza ndi rula yachitsulo, kudutsitsa msana wa lezala pang'ono, kenako kusalaza mpindowo ndi chogwirira cha supuni. Kutsogolo kwa khadi lililonse ndinaika timasamba tiwiri todula pamanja ndi kamkanda kamodzi. Pofika Lachiwiri masana makhadi onse zana anali ataima pa tebulo, pa mipando, mpaka pa zenera, okongola koma osalankhula. Anangotsala mawu a mkati.

Apa ndi pamene satana anandipeza ndilibe chochita. Ndinadziuza kuti ndingoyesa kapepala kamodzi, ndione mmene inki ikhalire. Mawu a khadi laukwati ndimawadziwa ngati pemphero. Pamwamba makolo a mnyamata, pansi pake makolo a mtsikana, kenako akukuitanani ku ukwati wa ana awo. Mayina a makolo a mnyamata ndinali nawo. Nditafika pa mzere wa makolo a mtsikana, dzanja silinaime n'komwe. Ndinalemba dzina langa. Nanga ndikanalemba la ndani?

Ndinakayang'ana kapepalako nthawi yaitali. Zaka zonsezi ndalemba mayina a anthu masauzande, a madokotala, a abusa, a akuba odziwika, koma langa ndinali ndisanalilembepo pa khadi, ngakhale kumbuyo kumene ena amaika kachidindo kawo. Linakhala bwino pamenepo. Ndinalemba kachiwiri, kachitatu. Kenako ndinati, nanga Timba akadzabwera Loweruka n'kupeza zonse zatha, sadzalumpha ndi chimwemwe? Ndinatsegula botolo la guluu. Pofika Lachinayi onse anali omata, atapanikizidwa pansi pa mabuku olemera kuti aume mowongoka, ndipo ine ndinkangoyimba m'nyumba ngati wopenga. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Loweruka m'mawa Timba analowa osagogoda monga mwa masiku onse, koma chikwama sanachiponye pa mpando. Anachigwira pamimba. Ine ndinachotsa mabuku aja limodzilimodzi ngati wamatsenga.

"Tseka maso. Tsopano tsegula."

Anatenga khadi, nalisisita kutsogolo. Atalitsegula n'kuwerenga, nkhope yonse inagwa.

"Amayi, mwamata kale?"

"Onse. Ndimati ndikudzidzimutse."

"Onse zana?"

"Kodi ndalakwitsa tsiku?"

Anapukusa mutu. Anakhala pa mpando wanga wa ntchito, natulutsa m'chikwama pepala lopinda kanayi. Malembawo sanali ake, anali a munthu wozolowera kusaina zinthu. Pa mzere wa makolo a mtsikana panali dzina la alamu anga ndi la Madamu.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndinapita kukawaona adadi," anatero, maso ali pansi. "Avomera kubwera. Avomera kundigwira dzanja polowa. Koma akuti khadi likhale la dongosolo, bambo ndi mayi, monga aliri a kwawo kwa mnzangayu."

Adadi. Mawuwo anandilowa ngati lezala pa chala, poyamba osamva kanthu, magazi pambuyo.

"Anayamba liti kukhala adadi? Pamene unkatentha thupi ine n'kuthamanga nawe kuchipatala ndi nsapato imodzi, adadi anali kuti? Madamuwo akudziwa kuti mazira amakutulutsa ziwengo?"

"Amayi, chonde."

"Chabwino. Tilembe mayina atatu. Malo alipo."

"Ndinayesa kunena zimenezo. Madamu akuti anthu adzaganiza kuti adadi ali ndi akazi awiri."

Ndinaseka, kuseka koipa kumene mpaka Timba anadzidzimuka. Mkazi wa munthu ameneyo, ine! Ndi bwino kukwatiwa ndi chitseko, chimakhalako pakhomo.

Timba anayamba kulira, ndipo polira ananena mawu amene mpaka lero amandidzutsa ndikamadula pepala.

"Inu mulipo kale, amayi. Kaya ndikulembeni kaya ndisakulembeni, mudzabwera. Ndikudziwa simungandisiye. Koma iwo ndikapanda kuwalemba sabwera. Moyo wanga wonse anthu akhala akundifunsa kuti bambo ako ali kuti. Tsiku limodzi lokhali ndikufuna ndiloze ndi chala."

Sananame. Ndinali nditamukonda mwanayu mpaka kusanduka ngati khoma la nyumba, limene palibe amalithokoza chifukwa choima. Amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Amene anapeka mwambi umenewu sanafike pa tsiku lolemba makhadi.

Panja hutala inalira. Alamu anga anali akudikira m'galimoto nthawi yonseyi, ndipo ataona kuti tikuchedwa anatsika. Analowa atanenepa, akununkhira mafuta odula, nayang'ana denga langa kaye asanandiyang'ane ine.

"Alamu! Simukalamba inu. Eee, ntchito yake ndi imeneyi? Manja muli nawo ndithu." Anatola khadi, nawerenga, natsokomola pang'ono. "Apa pokha ndiye pofunika kukonza. Musadandaule, ife tikudziwa zonse zimene munachita. Pa phwando tidzakutchulani. Koma mukudziwa inunso, chibale ndi fupa."

"Fupalo munalisiya pano lili ndi thewera," ndinatero.

Anaseka ngati ndanena nthabwala, nauza Timba kuti amupeza m'galimoto.

Titatsala awiri ndinatenga khadi limodzi ndi lezala kuti ndiyese kumatula kapepala ka mkati. Ndinkadziwa chimene chichitike, koma ndinafuna Timba aone. Guluu uja anachoka ndi khungu la khadi, n'kusiya chilonda choyera chaubweya. Ndinayesa lachiwiri ndi nthunzi ya ketulo, linakwinyika. Pepala lina lotere kunalibe, ndipo masiku otumiza makhadi anali atakwana kale.

"Nanga simungangomatapo kapepala kena pamwamba?" anafunsa Timba ndi mawu aang'ono. "Pa mzere wokhawo?"

"Pa mzere wokha pangaoneke chigamba. Pofunika kuphimba tsamba lonse."

"Ndiye mungatero?"

Ndinayang'ana mwana amene ndinamuphunzitsa kugwira supuni. Ndikanatha kukana. Ndikanatha kumuuza kuti apite nawo adadi akewo kwa a makina. Koma ndinamva pakamwa panga pakunena kuti abwere Lachitatu.

Lolemba ndinabwerera ku sitolo ndi khadi limodzi m'chikwama. Msewu unali womwewo, wosoka nsapato akukhoma, wamankhwala akusesa pakhomo. A Magalasi atandiona anatsitsa magalasi apachipumi n'kuwaika pamwamba pa anzake.

"Mwalakwitsa kudula."

"Ndamata msanga."

"Inu? Mwamata mwini wake asanaone?"

Ndinawapatsa khadilo pamodzi ndi pepala la alamu anga lija. Anawerenga ichi, nawerenga icho, kenako anavula magalasi onse n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya. Bamboyu amalankhula ngati wailesi, koma tsiku limenelo anangoti, "Hmm."

"Ndikufuna pepala lophimbira tsamba lamkati," ndinatero. "Logwirizana mtundu."

Anapita kumbuyo, nabwera ndi mitundu iwiri. Pepala loyamba linali lopyapyala, losalala, lowala pang'ono ngati mkati mwa chigoba cha dzira. Analigoneka pa khadi langa n'kulisalaza ndi dzanja. Linakhala bwino kwambiri, kuposa mmene ndinkaganizira. Koma pansi pake, ukayang'anitsitsa, mizere ya inki inkaoneka ngati mitsempha pa dzanja. Atalinyamula kuloza ku khomo kumene kunali dzuwa, dzina langa linawerengeka lonse.

"Ili ndi lokongola," anatero a Magalasi, osandiyang'ana. "Ambiri amatenga limeneli. Ndipo palibe angakunenereni kuti munachita dala. Pepala ndi pepala."

Lachiwiri linali lokhuthala, losawala, lamtundu wofanana ndi khadi. Analiika pamwamba, nalozanso ku dzuwa. Panalibe chooneka.

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, mpaka mayi wina wofuna maenvelopu anachita kundipempha kuti adutse. Ndisaname, ndinalifuna pepala lopyapyalalo. Ndinaona m'maganizo makhadi zana akutsegulidwa m'nyumba zana, anthu akupendeketsa mutu, akupita nalo pa zenera, akufunsana kuti kodi pansipa palembedwa ndani. Ndinaona Madamu akuliwerenga. Mtima wanga unkati tenga, wavutika mokwanira, choonadi chionekere chokha.

Koma ndinaonanso apongozi ake a Timba, anthu oyang'ana pansi asanatsike m'galimoto aja, akulitembenuza khadilo n'kuyang'anana. Amene akanachita manyazi si alamu anga, iwo manyazi anawasiya kalekale. Akanakhala mwana wanga, pa sabata yake yoyamba m'banja la eni. Ndipo panalinso china, chopusa koma choona. Pa tebulo langa sipanachokepo khadi loonekera inki kumbuyo. Dzanja langa silikanalola, ngakhale mtima ukanalikakamiza.

"Ndipatseni lokhuthalalo."

"Mwatsimikiza, amayi?"

"Mukufuna ndilire muno kuti mukhulupirire? Kulungani."

Anakulunga. Ndikutuluka anandiponyera kabotolo ka inki m'chikwama, ati kanali kongotsala.

Masiku awiri ndinakhala pa tebulo. Ndinadula timapepala tatsopano, tokulirapo pang'ono kuposa takale kuti m'mphepete musaoneke. Ndinalemba dzina la alamu anga ndi la Madamu kambirimbiri, ndi malemba anga abwino aja opendekera, chifukwa malemba oipa sindiwadziwa. Pena ndinkalakalaka inki itadontha, koma sinadonthe. Kenako ndinatenga khadi lililonse, kulitsegula, kuona dzina langa komaliza, kupaka guluu m'mbali zonse zinayi, kugoneka tsamba latsopano, n'kusalaza ndi supuni kuchokera pakati kupita kunja kuti pasatsale mpweya. Ndinkadana nawo alamu anga, ndinkadana ndi Madamu, ndipo kwa kanthawi, Mulungu andikhululukire, ndinadana ndi Timba yemwe. Koma woposa onse ndinali ine, chifukwa cha mmene ntchitoyo inkatulukira bwino.

Makhadi awiri amene ndinawononga aja ndinawapanganso ndi zotsalira za mpukutu. Anakwana zana ndendende.

Lachitatu Timba anabwera yekha, nthawi ya nkhomaliro, atavala za kuntchito. Anandipatsa moni wautali kuposa masiku onse, kufunsa za msana, za maso, za mnansi wodwala. Ine ndinangomulozera katoni pa tebulo.

Anatenga khadi limodzi, nalitsegula, nawerenga. Kenako anapita nalo pa zenera n'kulikweza ku dzuwa. Analipendeketsa uku ndi uku. Anasisita ndi chala chachikulu pa mzere uja. Anabwerera ku katoni, natenga lina la pakati, lina la pansi penipeni, n'kupita nawonso pa zenera. Ndinaima kumbuyo kwake ndikumuonerera mwana wanga akufunafuna dzina langa, ndi mantha oti alipeza.

Kenako anapuma mpweya wautali, natembenuka, nandikumbatira mwamphamvu.

"Sizikuoneka, amayi! Ngakhale pang'ono. Zili ngati simunalembepo chilichonse."

"Ndi ntchito yanga," ndinatero.

Anapukuta maso, naseka, nayamba kulongedza. Atafika pakati anaima ngati wakumbukira chinthu chofunika. Anasankha khadi limodzi, loongoka bwino, naliika mu envelopu. Anapempha cholembera changa, nawerama pa tebulo, nalemba dzina langa kunja kwa envelopuyo pang'onopang'ono kuti likongole.

"Loyamba ndi lanu," anatero, akumwetulira ndi mtima wonse. "Musadzachedwe."

Ndinapukuta guluu m'manja, ndinalandira ndi manja awiri monga amachitira woitanidwa aliyense, ndipo ndinathokoza.